Mwana Wolowerera Pakati pa Nkhumba: Chithunzi cha Albrecht Dürer ndi Matchona a ku Rutendo

M'phunziro lino tikadali m'buku la Luka, mutu 15, ndime 11 mpaka 32. Ngati Baibulo lanu lili pafupi, yambani mwawerenga ndimezi, chifukwa ine sindizibwereza pano. Fanizo la mwana wolowerera tidalimva tili ana ku Sande Sukulu, talimva m'misonkhano ya chitsitsimutso, talimvanso pamaliro. Nkhani imene munthu waimva kambirimbiri imafika poleka kumulasa mtima. Chifukwa chake lero ndafuna kuti tilowere khomo lina. Tiona m'mene mmisiri wina wa ku Germany adalimvera fanizoli zaka zoposa 500 zapitazo, ndi m'mene adalizokotera pa lata la mkuwa lalikulu ngati tsamba la kope la mwana wa sukulu.

Phunziroli ndalikonza ndikuganizira makamaka inu amene mumatimvera muli ku Rutendo ndi ku Torwood m'tauni ya Redcliff, ndiponso m'makomboni a migodi yozungulira Kwekwe, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe. Ambiri mwa inu ndinu ana ndi zidzukulu za amuna amene adachoka ku Nyasaland kukafuna ntchito, osabwereranso. Kumudzi amuna amenewo adapatsidwa dzina lakuti matchona. Ndipo ife alaliki, ine ndemwe ndili momwemo, takhala tikufulumira kunena kuti mtchona ndiye mwana wolowerera. Ndikufuna tione ngati chithunzi chakalechi chikutivomereza.

Mmisiriyo dzina lake ndi Albrecht Dürer. Adabadwa pa 21 Meyi 1471 mumzinda wa Nuremberg, ndipo adamwalira momwemo pa 6 Epulo 1528. Nuremberg masiku amenewo udali mzinda wa amisiri a zitsulo, osula zida, opanga waya, osula golide ndi siliva, ndiponso osindikiza mabuku. Bambo ake, amene dzina lawo lidalinso Albrecht, sadali mbadwa ya mumzindamo. Adachokera ku Hungary, kumudzi wotchedwa Ajtós pafupi ndi tauni ya Gyula, nafika ku Nuremberg mu 1455 atayendayenda m'maiko ena kuphunzira ntchito yosula golide. Adagwira ntchito zaka zambiri kwa mmisiri wina, Hieronymus Holper, ndipo mu 1467 adakwatira mwana wa bwana wawoyo, dzina lake Barbara, nalembedwa kukhala nzika ya mzindawo. Ngakhale dzina lawo lidasinthika panjira. M'chinenero cha ku Hungary dzina la mudzi uja limachokera ku liwu lotanthauza chitseko. Atalitembenuzira m'Chijeremani, mudatuluka dzina lakuti Dürer. Inu amene maina a agogo anu adapotozedwa ndi makalaliki a pamgodi mukudziwa bwino m'mene zotere zimachitikira. Banjali lidabereka ana 18, koma atatu okha ndiwo adafika pachikulire. Bambowo adafera ku Nuremberg mu 1502, kutali ndi kumene kudakwiriridwa mchombo wawo. Tikanena m'chilankhulo chathu, munthu amene adazokota mwana wolowerera adali mwana wa mtchona.

Mnyamatayo adayamba kuphunzira ntchito ya golide m'manja mwa bambo ake, koma mtima wake udali pa zojambula. Mu 1486 adamupereka kwa mmisiri wojambula, Michael Wolgemut. Mu 1490 adachoka pakhomo, nakakhala zaka zinayi akuyenda m'mizinda ya eni monga Colmar ndi Basel, kufikira bambo ake atamuitana kuti abwere adzakwatire. Adakwatira Agnes Frey mu Julaye 1494, ndipo pofika 1495 adali atatsegula nyumba yakeyake yogwiriramo ntchito. Chithunzi chimene tikukambachi adachizokota cha m'ma 1496, ali ndi zaka ngati 25. Adali munthu wodziwa kugona m'nyumba za eni, wodziwanso kubwerera pakhomo pa bambo.

Tiyenera kumvetsa m'mene ntchitoyi inkagwiridwira, chifukwa ikutithandiza kudziwa kuti palibe kanthu kamene kadalowa m'chithunzimo mwangozi. Inu amene mudagwirapo ntchito pa ng'anjo za ku Redcliff mukudziwa kuti chitsulo sichimva kunyengerera. Mmisiri ankatenga lata la mkuwa losalala bwino, nagwira kachitsulo kakuthwa kunsonga, kokhala ndi chigwiriro chobulungira chokhazikika m'chikhatho. Kachitsuloko ankakakankhira kutsogolo kuti kakumbe kamzera kochepa ngati tsitsi, ndipo pofuna kukhotetsa mzera ankatembenuza latalo ndi dzanja linalo. Mdima ndi kuwala, ubweya wa nkhumba, ming'alu ya pakhoma, zonsezo ndi timizera tokumbidwa kamodzikamodzi, masauzande ambiri. Akamaliza ankapaka inki, napukuta pamwamba kuti inkiyo itsale m'timizera mokhamokha, kenaka ankayala pepala lonyowa ndi kupanikiza zonse pamodzi m'makina. Chithunzi chinkatuluka chotembenuka, cha kumanja chili kumanzere. Chojambula cha papepala chimene Dürer adayamba wakonza asadagwire mkuwa chikusungidwa ku British Museum mumzinda wa London, ndipo n'chotembenukadi pochiyerekeza ndi chosindikizidwacho. Lata limodzi linkatulutsa mapepala mazanamazana lisanathe. Motero zithunzi zotere sizidali za mafumu okha. Mkazi wake wa Dürer ndi amayi ake ankazigulitsa m'misika, ndipo amalonda ankazinyamula kupita nazo kutali. Chithunzi chathuchi chidafika mpaka ku Italy, kumene Giorgio Vasari, wolemba mbiri ya amisiri, adachitamanda m'buku lake la mu 1568, makamaka chifukwa cha nyumba za Chijeremani zimene zili m'menemo.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni tidekhe, ndikufotokozereni chimene chili papepalapo.

Kutsogolo kuli chodyeramo nkhumba. Nkhumba zikuluzikulu, zaubweya woimirira pamsana ngati nguluwe, zikukankhana kuti zilowetse mphuno m'chodyeramocho. Tiana ta nkhumba tili pansi chapafupi, tikufunafuna todya. Pambali pa chodyeramocho, pamulu wa zinyalala za m'khola, pagwada mwamuna wovala zaumphawi, ndodo yake yoŵetera ili m'khundu. Manja ake wawagwirizanitsa zolimba, mutu wautukula, maso ali kumwamba. Kumbuyo kwake kuli bwalo la pamudzi wa alimi: nyumba za madenga osongoka zothithikana, makoma ong'aluka, ena oyamba kugumuka, dziwe losambiramo abakha, tambala ali pamulu, ndiponso ng'ombe imene ikuoneka mbuyo yokha pamene ikutuluka m'mphepete mwa chithunzi. M'mudzi monsemo mulibe munthu wina aliyense. Zitseko ndi mazenera zilipo zambiri, koma palibe nkhope imene yasuzumira. Apa mmisiri adawerenga bwino ndime 16, pamene Luka akunena kuti mnyamatayo padalibe womupatsa kanthu.

Choyamba chimene chiyenera kutidabwitsa ndi malowo. Ambuye Yesu adati mnyamatayo adapita kudziko lakutali. Kwa Myuda womvera fanizoli, dziko loŵeta nkhumba lidali dziko la anthu a mitundu ina, pakuti m'chilamulo cha Mose, pa Levitiko 11:7, nkhumba ndi nyama yodetsedwa. Zakudya zimene mnyamatayo adazikhumbira zidali makoko a mtengo wina wa m'maiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, wobala zipatso zangati nyemba zikuluzikulu. Dürer akadafuna, akadajambula migwalangwa, ngamira ndi anthu a nduwira, monga adachitira m'zithunzi zake zina zoonetsa anthu a kum'mawa. Koma sadatero. Adajambula mudzi wa kwawo. Akatswiri ena amautchula ndi dzina, kuti ndi Himpfelshof, kamudzi kamene kadali kunja kwa linga la Nuremberg chakumadzulo. Munthu wa mumzindamo akagula pepalalo pamsika, nayang'ana kuti aone dziko lakutali, ankaona madenga amene adawadutsa dzulo. Tiyerekeze kuti mmisiri wa ku Dedza wajambula mwana wolowerera, koma kumbuyo kwake waikako nkhokwe, khola la mbuzi, mtondo ndi munsi, ndi phiri la Dedza lomwe. Anthu angamufunse kuti, kodi iwe, dziko lakutali lija ndi kwathu kuno? Funso limenelo ndi limene chithunzichi chikufuna kuti tifunse.

Ena adzati mmisiriyo adangojambula zimene ankazidziwa, monga ankachitira amisiri ambiri a nthawi yake poveka anthu a m'Baibulo zovala za ku Ulaya. Zimenezo nzoona ndithu, ndipo sindikufuna kuika m'kamwa mwa Dürer ulaliki umene iye sadalalike. Sadasiye kalata yofotokoza chithunzichi. Komabe chimene adazokota chili pamaso pathu, ndipo chikugwirizana ndi chiphunzitso cha mutu wonse wa 15. M'mutu umenewu nkhosa idatayika kuthengo, koma ndalama idatayika m'nyumba momwemo. Kutalika kumene Yesu akunena sikuyezedwa ndi mamailosi.

Chachiwiri ndi kugwadako. Werengani bwino ndime 17 mpaka 20. Luka sakunena kuti mnyamatayo adagwada kapena kupemphera pakati pa nkhumba. Akuti adadzidzimuka mumtima, nakumbukira antchito a bambo ake amene amadya n'kusiya, nakonza mawu okanena, nanyamuka. Amisiri amene adajambula nkhaniyi Dürer asadabwere kawirikawiri ankamuonetsa ali chiimire pakati pa ziŵeto, monga mbusa wina aliyense. Dürer ndiye adamugwaditsa. Adatenga chinthu chochitika mkati mwa mtima, chimene diso silingaone, nachipatsa maondo ndi manja. Ndipo adali ndi chifukwa chochokera m'Malembo momwemo, pakuti m'mawu amene mnyamatayo adakonza adatchula kuchimwira kumwamba asadatchule bambo ake. Ena mwa openda chithunzichi amaonanso kuti maso ake aloza kunyumba ina yooneka ngati tchalitchi, pakati pa madenga aja.

Taonani tsono nthawi imene mmisiri adasankha. M'fanizoli muli malo ambiri okoma kujambula. Muli phwando la kudziko lakutali, limene amisiri ena a ku Ulaya adalikonda kwambiri chifukwa linkawapatsa mpata wojambula mowa ndi akazi. Muli bambo akuthamanga pamsewu, muli mwinjiro, mphete ndi nsapato, muli mwana wa ng'ombe wonenepa. Dürer adasiya zonsezo. Adasankha kamphindi kamene palibe chilichonse chasintha kunja. Mnyamatayo sadasambe, sadavule nsanza, sadayende ngakhale phazi limodzi kuloza kwawo. Nkhumba zikudyabe, tambala sakusamala, ng'ombe ikupita njira yake. Munthu wodutsa pamenepo akadangoona wantchito wa pakhola amene waleka ntchito. Komatu kubwerera konse kwachitikira pomwepo. Ulendo wa pamsewu, ngakhale udali wautali, udangotsatira chimene chidatha kale pamulu wa zinyalala.

Ndisabise kanthu kena. Oyang'ana mosamala amaona kuti miyendo ya munthuyo sidajambulidwe bwino: nkovuta kudziwa kuti phazi ili ndi la mwendo uti. Dürer adali akadali wamng'ono pantchitoyi, ndipo pa mkuwa cholakwa sichifufutika msanga. Ine sindidandaula nazo. Ndaonapo anthu ambiri akugwada kwa nthawi yoyamba, amuna aakulu a ndevu zawo, ndipo palibe mmodzi amene adagwada mwadongosolo.

Tisamalenso ndi zaka. Ife a mipingo yauvangeli timakonda kutenga Dürer ngati wathu, ndipo pali chifukwa. Mu 1520 adalembera Georg Spalatin kalata yonena kuti Martin Luther adamuthandiza kutuluka m'masautso aakulu a mumtima, ndi kuti akadakonda kuzokota nkhope yake pa mkuwa, ngakhale awiriwa sadakumanepo. Mzinda wa Nuremberg udalandira chiphunzitso cha Luther mu 1525. Koma chithunzi chathuchi chidazokotedwa zaka ngati 21 chisadafike chaka cha 1517, pamene Luther adatulutsa mfundo zake 95. Mu 1496 Luther adali mwana wa sukulu wa zaka 12 kapena 13. Choncho sitinganene kuti ndi chithunzi cha chikonzedwe cha mpingo. Chimene tinganene n'chakuti munthu wowerenga Luka mwachidwi, ngakhale m'masiku amene zikalata za chikhululukiro zinkagulidwa ndi ndalama, adatha kuona wochimwa ali yekha pamaso pa Mulungu, m'manja mulibe kanthu.

Tsopano tiyeni tichoke ku Nuremberg tibwere ku Redcliff, pakuti ndidalonjeza kufunsa za matchona.

Amuna a ku Nyasaland adayamba kutsikira kum'mwera mwaunyinji pamene boma la atsamunda lidakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890. Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama kumudzi kudalibe. Malipiro a m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje adali ochepa poyerekeza ndi a kumigodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Ambiri ankayenda pansi milungu ingapo, kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, kugona m'tchire la mikango. Ena adatengedwa ndi bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau, lokhazikitsidwa mu 1903, limene ntchito yake anthu adaitcha chibalo. Pambuyo pake kudabwera magalimoto a Ulere ndi mabwalo a Mthandizi. Komiti imene boma la Nyasaland lidaika mu 1935 kuti ifufuze nkhaniyi idayerekeza kuti anthu pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, ndipo idadandaula za midzi yotsala ndi akazi, ana ndi nkhalamba zokha. Mpingo udawatsatira. Mbusa T.C.B. Vlok, mmodzi mwa oyambitsa mishoni za ku Mvera ndi ku Nkhoma, adafika ku Salisbury mu 1912 kudzatumikira anthu a ku Nyasaland, ndipo ntchito imeneyo ndiyo idakula kukhala Sinodi ya CCAP ya Harare.

Ku Redcliff kudali miyala ya chitsulo ndi miyala ya laimu pafupipafupi. Mu 1948 fakitale yosungunula chitsulo idayamba kugwira ntchito pamenepo. Idadziwika ndi dzina lakuti RISCO, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1980 idasanduka ZISCO. Pachimake pake idalemba anthu oposa 5,000, ndipo pakati pawo padali ambiri ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Tauni yonse inkapuma ndi mpweya wa fakitaleyo. Mu 2008 ng'anjo zidazima. Chaka chomwecho ndalama ya dzikolo idatha mphamvu kotheratu, ndipo zimene anthu adasunga moyo wawo wonse, pamodzi ndi penshoni, zidasanduka mapepala. Mgwirizano wa mu 2011 ndi kampani ya Essar ya ku India, umene udapatsa anthu chiyembekezo, sudabale chipatso.

Kodi tsono anthu amenewa ndi ana olowerera? Tiyeni tiyerekeze moona mtima. Mnyamata wa m'fanizo adapempha cholowa bambo ake ali moyo, chimene chili ngati kuwauza kuti mwachedwa kufa. Monga mwa Deuteronomo 21:17 mwana woyamba ankalandira magawo awiri, choncho wamng'onoyu adachoka ndi limodzi mwa magawo atatu a chuma cha pakhomo. Adachoka m'thumba muli modzaza, kusiya banja litachepekedwa. Agogo athu adachoka chimanjamanja, ndi kamba wa mbatata ndi chimanga chokazinga, ndipo adachoka kuti banja lisagwidwe chifukwa cha msonkho. Ndalama zimene ankatumiza pa positi zidalipira sukulu, zidagula ng'ombe, zidafolera nyumba ndi malata, zidamanganso matchalitchi amene ife timalalikiramo. Kumutcha munthu wotere wolowerera, chifukwa chokha chakuti adafera kutali, ndi kumuchitira umboni wonama.

Onaninso kuti Luka akutchula zinthu ziwiri zimene zidamugwetsa mnyamatayo. Pa ndime 13 akutchula kumwaza chuma, ndipo limenelo lidali tchimo lake. Pa ndime 14 akutchula njala yaikulu imene idagwa m'dzikomo, ndipo imeneyo sidali tchimo lake. Idagwera olungama ndi osalungama omwe. Anthu ambiri a ku Rutendo adakumana ndi ndime 14 osadutsa pa ndime 13. Sindikukana kuti alipo amene malipiro awo adathera kumowa, alipo amene adaiwala mkazi ndi ana amene adawasiya kumudzi akudikira kalata. Misozi ya amayi amenewo Mulungu adaiona. Komatu omwaza chuma ndi oiwala mabanja adaliponso pakati pa amene sadawolokepo Zambezi.

Pamene tikunena za ulaliki wofulumira, ndiloleni ndikonze nkhani ina imene ndaimva ikulalikidwa kangapo, makamaka pamaso pa anthu a kumigodi. Mukudziwa chithunzi cha manja awiri opemphera chimene chimapezeka pa makalendala ndi pa mapepala a maliro. Nachonso ndi cha Dürer. Nkhani imati iye adali ndi mbale wake amene adakagwira ntchito mumgodi zaka zinayi kuti amulipirire maphunziro, manja ake napunduka, ndipo Dürer adajambula manja amenewo pothokoza. Nkhaniyi imagwetsa misozi, koma si yoona. Manjawo adawajambula mu 1508 pokonzekera chithunzi chachikulu cha m'tchalitchi chimene adauzidwa kujambula ndi wamalonda wa ku Frankfurt, Jakob Heller, ndipo ndi manja a mmodzi wa atumwi. Abale ake amene adakula adali awiri, Endres wosula golide ndi Hans wojambula. Anthu amene manja awo adapundukadi mumgodi sayenera kutonthozedwa ndi nthano.

Pali malo amodzi pamene mtchona ndi mnyamata wa m'fanizo akukumanadi, ndipo malo ake ndi manyazi. Mwamuna wobwera kuchokera ku Halale ankayembekezeredwa kufika ndi sutikesi, njinga, bulangete la amayi, jekete la amalume, nsalu za alongo, mwinanso makina osokera. Wobwera wopanda kanthu ankasekedwa pamowa ndi pachitsime pomwe. Choncho munthu ankati ndipita chaka chamawa ndikapeza kangachepe. Chaka chamawa chikafika, kangachepe kaja kadapita ku matenda a mwana. Zaka zimawunjikana, makolo amamwalira iye kulibe, ndipo tsopano manyazi aja awonjezeka: ndikafika ndikayamba ndi kupepesa manda angati? Ambiri sadatsekerezedwe ndi mtunda kapena ndalama ya basi. Adatsekerezedwa ndi maganizo akuti kwanu sulowa chimanjamanja.

Mnyamata wa m'fanizo adali ndi maganizo omwewo. Pa ndime 19 adakonza zokapempha kuti amulandire ngati waganyu. Adali atazolowera kale moyo umenewo, pakuti pa ndime 15 adakadziphatika kwa nzika ya dziko lija, iye ali mlendo wopanda chonena pa malipiro. Tsono akufuna kukachita chimodzimodzi kwa bambo ake: kugwira ntchito, kulandira malipiro, mwina kubweza pang'onopang'ono zimene adamwaza, kuti tsiku lina adzayende pamudzi mutu uli m'mwamba. Kulapa kwake kudali koona, koma kudali kusakanikirana ndi nzeru za pa kontrakiti. Werengani ndime 21 ndi 22 muone chimene chidachitika. Adayamba kunena mawu ake aja, koma asadafike pa za ganyu bambo adali ataitana kale antchito kuti abweretse chovala, mphete ndi nsapato. Pempho la ganyu silidamveke n'komwe. Manja amene Dürer adawazokota ali ogwirizana chifukwa mulibe chonyamula, ndipo ali chomwecho ndi m'mene adalandiridwira.

Ndiyenera kulankhulanso ndi inu amene mudabadwira ku Torwood ndi ku Rutendo komweko, amene Chishona chimatuluka msanga pakamwa panu kuposa Chichewa, ndipo Malawi mumangomumva m'nkhani za agogo. Mudakula mukutchedwa maina achipongwe. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri mwa inu mudapezeka kuti ndinu alendo m'dziko limene mudabadwiramo, kufikira malamulo aakulu a dziko a mu 2013 atabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera kudziko lina la m'chigawo chino cha kum'mwera kwa Africa. Mawu akuti bwererani kwanu mudawamva kwa anthu amene sankakufunirani zabwino. Mlaliki akaima pagome nanena mawu omwewo m'dzina la fanizo ili, osasiyanitsa, akuthira mchere pachilonda. Inde, kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ndipo amene ali ndi njira yokaona abale ake ku Ntcheu kapena ku Mangochi, kapena ali ndi mangawa kwa mkazi ndi ana amene adawasiya, apite akakonze. Koma fanizoli silikunena za chiphaso choyendera. Dzina lakuti Rutendo limachokera ku liwu la Chishona lakuti kutenda, limene limatanthauza kukhulupirira ndiponso kuthokoza. Mwamuna wa m'chithunzi chija adayamba kukhulupirira akadali pantchito ya eni, m'dziko la eni, nkhumba zili m'mbali mwake.

Nanga ife amene tidatsala kumudzi? Dürer sadajambule mwana wamkulu, koma ndikhulupirira kuti adamuganizira, pakuti ogula chithunzichi ambiri adali anthu okhazikika, nzika za Nuremberg zimene sizidamwazepo cholowa. Iwo ndiwo adaona bwalo la kwawo litasanduka dziko lakutali. Tikumbukire kuti Yesu adanena fanizoli poyankha Afarisi ndi alembi amene ankang'ung'udza, pa ndime 1 ndi 2, kuti akulandira ochimwa ndi kudya nawo. Mwana wamkulu sadachokepo pamudzi ngakhale tsiku limodzi, koma polankhula ndi bambo ake pa ndime 29 adawerengera zaka zimene adawagwirira ntchito ndi mbuzi imene sadalandire, monga munthu wowerengera tikiti yake kumapeto kwa mwezi. Wamng'ono adafuna kukhala waganyu ndipo adakanizidwa. Wamkulu adakhala ngati waganyu zaka zonsezo ali m'nyumba ya bambo ake. Timamudziwa munthu ameneyu. Ndi amene amalima munda wa mbale wake wotchona, ndipo akamva kuti zidzukulu za mbaleyo zikubwera kuchokera ku Zimbabwe kudzaona kwawo, choyamba chimene amaganiza ndi malire a mundawo. Fanizo likutha bambo ali panja akumudandaulira, iye ataima pakhomo, ndipo Ambuye sadatiuze ngati adalowa.

Banja la Dürer lidali ndi chizindikiro chake, monga ankachitira mabanja a ku Ulaya, ndipo iye adachisindikiza mu 1523. Pa chizindikirocho pali khomo lokhala ndi zitseko zotsegula, kukumbukira dzina la mudzi wa ku Hungary umene bambo ake adauchoka. Pa zithunzi zake ankaika zilembo ziwiri, A wamkulu ndi D wamng'ono m'kati mwake. Mukadzapeza mwayi woona chithunzi cha mwana wolowererachi m'buku kapena pa intaneti, mufunefune zilembozo. Muzipeza m'munsi, chapakatikati, padothi pamene pakuyenda tiana ta nkhumba.